Maselo Atsopano Anali M'makina a Amida

1

Dzina langa ndine Jestina. Ndimaphunzitsa sitandade sikisi pasukulu ina kuno ku Mangochi, ngakhale kwathu ndi ku Ntcheu. Ngati mumakhala chakuno, mwina nkhope yanga mukuidziwa kale. Ndine mayi uja wa muvidiyo ija inazungulira m'mafoni chaka chatha, akukoka mpango kumutu kwa mtsikana wachisilamu pageti la chipatala, kukamwa kuli yasa. Ana a m'kalasi mwanga anaiona. Abusa athu anaiona. Achemwali anga a ku Joni anachita kundiimbira kufunsa ngati ndinedi.

Vidiyoyo ndi yaifupi. Zimene zinachitika isanajambulidwe ndi zimene zinatsatira sizikuonekamo, ndipo ndi zimene ndikufuna ndikuuzeni.

Amuna anga, a Macloud, bambo a Themba, anali msilikali wa m'madzi. Atapuma usilikali anayamba ntchito yawoyawo yolowa pansi panyanja, kujambula ndi kuwerenga nsomba za m'miyala yakuya, potumidwa ndi anthu ochita kafukufuku ochokera kunja. Anachita lendi kachipinda ku Nkopola komwe ankasunga zida.

Makina amene ankapumira si aja otulutsa thovu. Awa amawatcha ribiriza. Mpweya umene munthu wapuma sutayika ayi, umazungulira m'makinamo, woipa n'kuyamwidwa, makinawo n'kumathiramo okosijeni pang'onopang'ono. Popeza thovu palibe, nsomba sizithawa. M'kati mwake muli tizinthu titatu tobulungira, tokula ngati chotsekera cha botolo, totchedwa maselo. Ntchito ya maselo ndi kuuza makinawo kuti okosijeni alimo wochuluka bwanji. Akachepa, munthu amakomoka. Akachulukitsa, thupi limagwidwa ngati khunyu, munthu ali pansi pamadzi.

Izi zonse bambo a Themba anandifotokozerapo kangapo. Ine ndinkangogwedeza mutu, maso ali pamakope a ana.

2

Ntchito yotere munthu salowa yekha. Kwa zaka zambiri ankalowa ndi mnzawo wa kuusilikali, koma iyeyo atasamukira ku Nkhata Bay, tsiku lina anangobwera ndi mtsikana pakhomo.

"Amayi a Themba, uyu ndi Amida. Kwawo ndi ku Namwera. Ndikufuna ndimuphunzitse ntchito."

Mtsikanayo anagwada n'kundipatsa moni ndi manja awiri. Anali wamtali, wamanyazi, atafunda mpango wobiriwira.

Atapita ndinafunsa. "Anyamata onse ali mbwee kunyanjaku, obadwira m'madzi, mwakatenga mtsikana wa kumapiri? Amadziwa n'kusambira komwe?"

"Aphunzira. Ali ndi mutu."

Anaphunziradi. Koma ine ndinayamba kuona zinthu. Mwezi wa Ramadani ukafika, bambo a Themba ankasintha ndondomeko yonse ya ntchito kuti Amida asalowe m'madzi ali ndi njala. Anamugulira chovala cha m'madzi chatsopano, iwo akuvalabe chakale chija chomata zigamba m'maondo. Akadwala kamutu, ankamuperekeza okha panjinga yamoto. Tsiku lina masana ndinawapeza pakhonde akuyang'ana chithunzi cha mtsikanayo pafoni. Anachiyang'ana nthawi yaitali moti sanamve n'komwe kuti ndaima kumbuyo kwawo.

"Chikusangalatsani n'chiyani pamenepo?"

Anadzidzimuka n'kubisa foni. "Za ntchito."

"Ntchito yake yovala diresi la pa Idi?"

"Amayi a Themba, mwana uja ali ndi chibwenzi. Akumanga nikaha, ukwati wachisilamu, ndi Swadick, mnyamata uja amakonza mainjini a maboti. Musamayankhule zinthu zoti zingamuonongere."

Munthu wosalakwa sabisa foni, ndinatero mumtima. Ndinauza anzanga awiri a kusukulu. Onse anati nkhaniyo ndi yoonekeratu. Mmodzi mpaka anati, "Pansi pamadzi palibe mboni, asisi." Ndinaseka nawo, koma mawuwo anandikhala.

3

Linali Lachiwiri m'mawa, ndikulemba masamu pabolodi, pomwe foni inalira. Anali woyendetsa boti lawo.

"Amayi, thamangirani kuchipatala. Abwana avulala m'madzi."

Ndinasiya choko pansi n'kukwera kabaza. Nditafika ndinapeza bambo a Themba atagonekedwa, milomo itada, mapaipi ali kukamwa, sakudziwa kanthu. Adokotala anati madzi analowa m'mapapo ndipo sangalonjeze chilichonse.

Amida anali pabenchi panja, wopanda nsapato, akadali m'chovala cha m'madzi, winawake atamufunditsa chitenje.

"Chachitika n'chiyani?" ndinafunsa.

"Amayi, tinali pansi, tikujambula. Ndinangoona kamera yagwa m'manja mwawo. Thupi linayamba kugwedezeka, kenako chopumira chinatuluka kukamwa. Ndinawagwira, ndinadikira kuti kugwedezeka kusiye, n'kuyamba kukwera nawo. Ndinayesetsa, amayi. Wallahi ndinayesetsa."

"Makina anaona ndani m'mawa?"

"Ndine. Ndinatchuna maselo a makina onse awiri ndi okosijeni, monga amandiphunzitsira. Onse anawerenga bwino. Iwonso anaona."

Sindinamuthokoze. Mtsikana anakoka mwamuna wolemera ngati thumba la chimanga kuchokera pansi panyanja, namupumira m'kamwa m'boti mpaka mtima unagwira. Ine chimene ndinamva ndi chakuti pakamwa pake panakhudza pa amuna anga.

4

Anthu a kafukufuku aja anapempha kuti makinawo aonedwe. Anaitana a Blackson, mphunzitsi wa ntchito yomweyi wochokera ku Chembe, mnzawo wa bambo a Themba wa kalekale. Popeza makiyi a kachipinda ka ku Nkopola anali ndi ine, ndinapita nawo.

A Blackson anatsegula makina a amuna anga, n'kuzula maselo atatu aja. Anawatembenuza, akuwerenga tizilembo tam'mbali. Kenako anapukusa mutu.

"Awiriwa ndi okalamba, mlamu. Nthawi yawo inatha kalekale. Latsopano ndi limodzi lokhali."

"Koma mtsikana uja akuti m'mawa anawerenga bwino."

"Akunena zoona. Selo lokalamba limanyenga choncho. Pamtunda pano ukalipatsa okosijeni limayankha bwinobwino, makina n'kuvomera. Vuto ndi pansi. Kumene kuja okosijeni amapanikizika, ndiye selo lotopa limafika pena n'kuima. Mpweya ukukwera, ilo likungonena nambala yomweyo. Makina amaganiza kuti okosijeni wachepa, ndiye amathirabe, amathirabe."

"Nanga latsopanolo silinanene?"

"Linanena. Koma makinawa amamvera awiri amene akugwirizana. Awiri okalambawa anatopa mofanana, ndiye latsopano linaoneka ngati ndilo lolakwa. Makina analisiya."

Anatsegula makina a Amida. Anazula selo loyamba, lachiwiri, lachitatu. Anawatembenuza n'kuwerenga tizilembo kawiri.

"Nenani, achimwene."

"Awa onse ndi atsopano."

Ndinakumbuka kuti milungu ingapo m'mbuyomo bambo a Themba anadandaula kuti maselo amene anaitanitsa kunja afika operewera, anayi okha m'malo mwa asanu ndi limodzi, ndipo ena adzafika mochedwa.

A Blackson anaona nkhope yanga. "Mlamu, musathamange. Sitikudziwa amene anawaika. Tidikire mwiniwake adzuke."

Ine ndinali nditathamanga kale. M'mutu mwanga munali njira ziwiri zokha. Kapena mtsikanayo anaba maselo atsopano n'kusiyira amuna anga owola. Kapena amuna anga anam'patsa okha, moyo wawo n'kuuika pansi chifukwa cha iye. Ndipo ndikuuzeni zoona, yachiwiriyi ndi imene inandiwawa kwambiri.

5

Amida ndinamupeza pageti la chipatala masana, nthawi yoona odwala, anthu ali piringupiringu. Anali atanyamula fulasiki ya phala yoti andipatse ine. Pambali pake panali mayi wina wachikulire ndi mnyamata, amene pambuyo pake ndinadziwa kuti ndi Swadick ndi mayi ake.

"Amayi, ndakubweretserani..."

Fulasikiyo ndinaimenyera pansi.

"Hule iwe! Sizinakukwane kugona ndi mwamuna wanga, wati umuphe?"

"Amayi?"

"Usanditchule amayi! Maselo atsopano anapezeka bwanji m'makina ako? Unawalipira ndi chiyani? Uwauze anthuwa zimene mumachita pansi pamadzi!"

Ndinagwira mpango wake n'kuukoka. Tsitsi lake linaonekera pamaso pa amuna onse a pageti, oyendetsa kabaza, ogulitsa nthochi, alonda. Sanabwezere. Anangophimba mutu ndi manja n'kukhala pansi m'fumbi. Swadick anavula jekete n'kumufunditsa. Mayi ake a Swadick anandiyang'ana ine, n'kuyang'ana Amida, kenako anatembenuka n'kumapita.

Sindinalekere pomwepo. Ndinapita kupolisi kukanena kuti mtsikanayo anasintha zida dala. Anamuitana, anamufunsa tsiku lonse, n'kumumasula podikira kuti wodwala adzuke. Pofika Lachisanu, vidiyo inali itafika m'foni iliyonse kuyambira ku Chowe mpaka ku Makanjira. Akwawo kwa Swadick anatumiza uthenga ku Namwera kuti za nikaha ziyambe zaima.

Nditamva zimenezo ndinasangalala. Mawu amenewa ndawalemba n'kuwafufuta kangapo, koma ndi oona. Ndinasangalala.

6

Loweruka m'mawa ndikuchapa zovala za kuchipatala, ndinamva "Odi!" Pakhomo panaima mayi wamsinkhu wanga, wochepa thupi, atavala zakuda. Kumbuyo kwake kunali Amida, maso ali pansi.

"Ndine Abiti Twaibu, mayi ake a mwana uyu. Ndachokera ku Namwera."

"Ngati mwabwera kudzapepesa, mukapepese kupolisi."

"Sindinabwere kudzapepesa. Tiloleni tikhale."

Anayankhula modekha moti ndinapezeka ndawayalira mkeka. Anakhala, nakonza nsalu yawo, n'kuyang'ana mwana wawo kaye asanayang'ane ine.

"Zimene ndinene pano, mwana uyu sakuzidziwa. Ndinalumbira kuti ndidzapita nazo kumanda. Koma inu mwamuvula pamsewu, ndiye ndilibenso chomufunditsa koma chilungamo."

Amida anadzutsa mutu.

"Ndili mtsikana ndinkakhala kwa azakhali anga kunyanja. Ndinadziwana ndi msilikali wina wachinyamata. Inu munali musanabwere, musanadziwane naye n'komwe. Nditaima, abale anga anakana. Anati mwana wawo sangakwatiwe ndi Mkhristu, msilikalinso. Ananditengera ku Namwera usilikali wake usanamubweze kuchokera kumene anam'tumiza, n'kundikwatitsa kwa Che Saidi. Che Saidi anali munthu wa Mulungu. Anadziwa zonse, koma anamulera mwanayu ngati wake mpaka tsiku limene anamwalira."

Abiti Twaibu anapitiriza.

"Msilikaliyo anadzatipeza mwana ali kusekondale. Anapempha kuti amuthandize. Ndinavomera, koma ndinamulumbiritsa kuti asadzauze munthu, ngakhale mkazi wake, ngakhale mwanayo. Sindinafune kuti dzina la Che Saidi lichotsedwe pa iye."

"Amama," Amida anatero ndi mawu aang'ono, "mukunena chiyani?"

"A Macloud ndi bambo ako okubereka."

Mtsikanayo sanalire. Anaimirira, anayenda mpaka pamtengo wa mango uli pakona ya mpanda, n'kuugwira ndi manja awiri ngati pansi pakuyenda. Ine ndinakhala pamkeka, thovu la sopo likuuma m'manja. Ndinamuyang'ana ali chotembenuka, ndipo ndinaona mapewa a mwana wanga Themba. Kaimidwe komweko. Zaka ziwiri mtsikanayu akulowa ndi kutuluka pakhomo panga, ine osaona.

"Mwanena kuti mwana wanga amagona ndi bambo ake," anatero Abiti Twaibu. "Mangochi yense wamva. Tsopano mundiuze, mayi mnzanga, mawu amenewo ndikayambire pati kuwatola?"

Ndinagwada n'kugwira mapazi awo. Anawachotsa pang'onopang'ono.

7

Bambo a Themba anatsitsimuka sabata yotsatira. Atachotsedwa mapaipi, mawu awo oyamba anali akuti, "Amida watuluka?"

"Watuluka. Ndi amene anakutulutsani."

Anatseka maso, misozi n'kutsikira m'makutu.

Ndinadikira kuti apeze mphamvu, kenako ndinawauza zonse. Za a Blackson, za pageti, za kupolisi, za Abiti Twaibu. Anatembenukira kukhoma nthawi yaitali.

"Maselo ndinaika ndine," anatero. "Anafika anayi. Anthu a kafukufuku anali atatsala pang'ono kubwerera kwawo, ntchito isanathe. Ndinati mwana atenge atatu, ine ndi wamkulu, ndidzamva m'thupi zikavuta. Iye sankadziwa."

"A Blackson akuti pali kayesedwe kena kam'madzi."

"Kalipo. Ukangotsika pang'ono umaima, n'kudzaza okosijeni m'makina kuti uone ngati maselo angakwere mpaka pamwamba. Amida anayesa ake. Anandifunsa ndi dzanja ngati anga ali bwino, ine n'kuvomera. Sindinayese. Ndinkaopa kuti ndikayesa ndidziwa."

"Nanga ine? Zaka zonsezi, osandiuza?"

"Ndinalumbira."

"Munalumbiranso kwa ine, kutchalitchi."

Koma ine sindinapitirize, chifukwa wokoka mpango pageti sanali iwo.

Tinapita kupolisi kukathetsa nkhani ija. Kenako ndinapempha ashehe a kumzikiti wa akwawo kwa Swadick kuti andiperekeze. Ndinavula nsapato, ndinagwada pabwalo pamaso pa banja lonse, n'kunena kuti ndinanama, kuti Amida ndi mwana wa amuna anga, kuti sanalakwe kalikonse.

Mayi ake a Swadick anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Tamva, aphunzitsi," anatero. "Koma mawu anu oyamba anakwera galimoto. Awa akuyenda wapansi. Kumsika akundifunsabe. Ndipo tsopano mwatiuzanso china, kuti mtsikanayu si mwana wa Che Saidi monga tinkadziwira. Tipatseni nthawi."

Pamenepo ndi pomwe ndinazindikira kuti ngakhale kupepesa kwanga kunamuvulanso kachiwiri.

Swadick anayesa kulimbana ndi akwawo. Analephera. Pano ali ku Joni, ndipo sindikudziwa ngati amalemberana.

8

Bambo a Themba sadzalowanso m'madzi. Mapapo awo sangalole. Ntchito ija akuyendetsa ndi Amida mothandizana ndi a Blackson, ndipo ndikumva kuti selo likangofika nthawi yake amalitaya, ngakhale likuwerenga bwino chotani. Tsiku limene maselo aperewera, boti silinyamuka.

Ine ndinapempha kuti andisinthe sukulu, kenako ndinabweza pempholo. Amida sanathawe Mangochi. Ndingathawe bwanji ine?

Owerenga anzanga, makamaka amayi, sindikuuzani kuti musamakayikire amuna anu. Anga anandibisiradi chinthu, chachikulunso, ndipo mpaka lero pali masiku amene sindifuna kuwayang'ana. Zonse zimene ndinaona zinali zoona: ankamukonda mtsikanayo, ankabisa foni, anaika moyo wawo pansi chifukwa cha iye. Chimene ndinalakwitsa ndi dzina limene ndinapatsa chikondicho, ndipo ndinakalifuula pamsewu munthu yekhayo wodziwa yankho ali chikomokere. A Blackson anandiuza kuti ndidikire. Akanakhala masiku ochepa chabe. Ngati mkwiyo wanu ukufuna anthu oonerera, muufunse kaye chifukwa chake. Ndipo inu amene muli ndi vidiyo ija m'foni, ndikupempha, ifufuteni. Osati chifukwa cha ine. Ine ndinayenera. Koma mutu uli poyera m'menemo ndi wa mwana wosalakwa.

Masiku ano Amida amabwera kunyumba Lachisanu masana kudzaona bambo ake. Salowa m'nyumba. Amakhala nawo pakhonde, amakambirana za nsomba ndi za injini ya boti, ndipo sanayambebe kuwatchula kuti ababa. Ine amandipatsa moni mwaulemu wonse, moti ndimalakalaka akanangonditukwana.

Ndimawapangira tiyi n'kukaika pakatebulo pakati pawo. Bambo a Themba amamwa wawo. Wa Amida amazizirira m'kapu, ndipo akapita ndimakamutaya kuseri. Lachisanu likubwerali ndidzapanganso makapu awiri.